Abigaeli Wouluka Pakhoma la Sukulu

Chinthu choyamba chimene chinadabwitsa mphunzitsi Nércia, amene onse ankamutcha pulofesola, chinali bateriya. Sukulu imene ankaphunzitsa, m'dera la Chifunde, inkadalira magetsi a dzuwa, ndipo m'miyezi yozizira, kumwamba kuli mbee kopanda ndi kamtambo komwe, bateriyayo inkafika madzulo itakhuta. Koma m'mawa wina atatsegula chipinda cha makompyuta anaipeza itatheratu, komputadolo yake ili zii, ntchito imene anaisiyira usiku isanafike ndi pakati pomwe.

Ntchitoyo inali yapamtima pake. Ekipa ya atsikana ya mpira inali itakwapula masukulu onse a m'deralo, kuyambira ku Mualadzi mpaka kumalire ku Cassacatiza, ndipo inkayembekezera kupita ku Tete ku mpikisano waukulu wa masukulu. Nércia analumbira kuti ana ake sakalowa m'bwalo la ku Tete mozemba ngati anthu odzapempha mchere. Anayamba kuwakonzera kanema wotsegulira, amene iye ankamutcha abertura. Mtsikana aliyense ankatulukira m'kamvuluvulu wa fumbi lofiira, n'kutembenuka, dzina lake n'kudzilemba lokha ndi malawi a moto, ng'oma ikugunda pansipansi. Womaliza anali Abigaeli, wapagolo. Iyeyu Nércia anamuchedwetsa dala, kuti aziuluka pang'onopang'ono chammbali, manja akuthetheka nthethe zamoto, mpaka mpira kumata m'zikhato zake.

Vuto linali komputadolo. Inali nkhalamba yachifuwa, ndipo kuti isonkhanitse zithunzi, moto, fumbi ndi ng'oma kukhala kanema mmodzi, inkafuna usiku wathunthu popanda woigusa. Nércia ankati ikuphika. Ankaisiya ikuphika, n'kukhoma chitseko, n'kupita kukagona.

M'mawa wachiwiri bateriya inali itatheranso. Tsopano anayang'anitsitsa. Datasho, makina aja oponyera zithunzi pakhoma, anali atalumikizidwa, pamene iye anawasiya m'katoni mwake. Madesiki anali atakankhidwira kumakoma, pakati patatsala bwalo, ndipo mbali imodzi ya bwalolo simenti inali yoyera bwino, fumbi litapukutika, ngati panagubuduka chinthu chachikulu. Atayatsa komputadolo masana, anapeza kanema waima pamalo amodzi: pa Abigaeli, ali m'malere, mpira usanafike m'manja.

Anapita kwa mlonda wa sukulu, a Barnaba, bambo wamfupi wokonda kuseka, yemwe tsikulo kuseka kunali kutawathawa.

"Agwarda, usiku m'chipinda mwangamo mukumalowa ndani?"

A Barnaba anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, n'kutsitsa mawu. "Apulofesola, ine ndine munthu wa ana. Kuchipinda kwanuko usiku sindikuyandikirako. Mukumveka zinthu."

"Zinthu zanji?"

"Zinthu basi. Inunso ndikupempheni, kukada osabwerako kuno. Muuzenso ena."

Sanafunikire kuuza ena. Mayi Debora, amene ankatsogolera amayi a mpingo wa Ziyoni ndipo ankagulitsa thobwa pamsika, anali atayamba kale. Nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wa sukulu, ndipo tulo tawo tinali tochepa. Ankati anatuluka usiku kukaona nkhuku zimene zinkachita phokoso, ndipo anaona chinthu choyera, chachitali, chikudutsa m'njira ya kusukulu osaponda pansi. Sichinkayenda, chinkangotsetsereka. Patapita kanthawi zenera la chipinda cha makompyuta linayaka buluu, kenako kufiira, ng'oma n'kuyamba kugunda ngati ili pansi pa nthaka. Iwo, poti mantha awo sanaposepo chidwi chawo, anasuzumira pampanda. Pakhoma panali Abigaeli, mwana wa a Ezequiel, wamkulu kuposa chitseko, akuuluka, manja ali moto. Ndipo nthawi iliyonse akauluka, m'chipindamo munkamveka kubuula kwa mawu okhuthala, "Hooo-iii!", kenako chinthu n'kugwa pansi, khuu, ngati thumba la chimanga.

Pofika madzulo nkhaniyi inali itamera mapiko. Pachigayo ankati pulofesola watsekera chithunzithunzi cha mwana m'makina. Pamjigo ankati ndi chifukwa chake mpira sumudutsa, poti usiku amakaphunzira kuuluka. Wina wa mota, njinga zamoto zonyamula anthu zija, analumbira kuti choyeracho anakumana nacho, chinalibe mutu. Anthu athu ukawapatsa fupa amabwera nalo lili ndi mnofu ndi ubweya womwe.

Amene zinamupweteka anali Abigaeli. Anzake anayamba kumusiyira benchi yense m'kalasi. Tulo tinamuthawa, chifukwa ankaopa kuti akatseka maso adzuka ali padenga la sukulu, ndipo masana ankasinza, zomwe zinangowonjezera nkhuni pamoto. Lachitatu anabwera kwa Nércia maso ali psuu.

"Apulofesola, ababa akuti Lachisanu abwera ndi amayi a kumpingo. Akuti adzanditenga pamaso pa anthu. Mpira basi, ku Tete sindipita."

A Ezequiel anali mkulu wa mpingo wa Ziyoni womwewo, mlimi wa chimanga wa kumudzi wina wapafupi, munthu wamtali wosowa nthabwala. Pabwalo la mpira anali asanapondepo. Ankanena poyera kuti si ulemu mwana wamkazi kudziponya m'fumbi anthu akuonerera, ndipo Abigaeli ankasewera chifukwa choti mayi ake anachonderera mpaka bamboyo anatopa n'kuyankha. Tsopano amayi a mpingo anali atawaimirira pakhomo, akuti mkulu amene akulephera kuteteza mwana wake angateteze bwanji nkhosa.

"Iwe, kodi usiku umaulukadi?" Nércia anafunsa, kuyesa kumuseketsa.

"Ine ndimadzuka pamphasa pomwe ndinagona," anatero mtsikanayo, akupukuta mphuno. "Koma ababa nawonso ayamba kuyankhula zosamveka. Dzulo tikusola chimanga anangoti, 'Wogwira mpira satsinzina.' Ndinati mwati chiyani ababa, iwo n'kuti palibe. Komanso akutsimphina. Akuti ndi nyamakazi."

Abigaeli atatuluka, Nércia anatsegula kanema uja n'kumuyendetsa chithunzi chimodzichimodzi. Zinali zoona. Mpira ukangotsala pang'ono kufika, mtsikanayo ankatsinzina gwa. Iye mwini, amene anasema chidutswa chimenechi masiku ambiri, anali asanazione. Anayang'ana malo opukutika aja pasimenti. Anali ndi ganizo, koma linali lopusa kwambiri moti anachita manyazi kuliganiza mpaka kumapeto.

Usiku umenewo anakakamiza pulofesola Hélder, wophunzitsa masewero, kuti akabisale naye. Hélder anali ndi chifuwa chotambalala ndi mawu omveka kutsidya kwa bwalo, koma atamva za ulendowu anayamba kukumbukira kuti ali ndi chimfine.

"Ekipa ndi yanu," anatero Nércia. "Ku Tete mukaimika ndani pagolo? Inuyo?"

Anakakhala m'kalasi yoyang'anizana ndi chipinda cha makompyuta, pansi pa zenera losweka. Mwezi kunalibe. Mdima unali wokhuthala moti munthu sankaona dzanja lake, ndipo mphepo ya mwera inkalowa pazenerapo n'kumayendayenda m'miyendo. Malata ankalira tha, tha, pozizira. Padenga mileme inkakwekwesa zikhadabo. Kutali, cha kumsika, wailesi ya m'baraka, momwera mowa muja, inaimba mpaka inatopa, agalu anauwa n'kusiya mmodzimmodzi, ndipo kunatsala nkhululu zokha. Kenako nazonso zinaleka, zonse pamodzi, ngati wina wazitseka pakamwa.

"Mwamva?" Hélder ananong'ona.

"Chete."

Kunali kaphokoso kakang'ono, kobwerezabwereza, kakuchokera kunjira. Tswii. Tswii. Tswii. Kanali kakuyandikira mosafulumira. Ndiyeno pakati pa mitengo ya mango panaoneka choyera chija. Chinali chachitali kuposa munthu, chopanda nkhope, m'mphepete mwake mukukupiza, ndipo pansi pake panalibe miyendo, panali mdima wokhawokha. Chinkabwera molunjika, mosagwedezeka. Nércia, ndi ganizo lake lija, anamva tsitsi likumuimirira. Kuganiza masana n'kosavuta. Usiku nzeru zimakhala kumbuyo, mantha n'kukhala kutsogolo.

"Mayi wanga Berta," Hélder ananong'onanso, atagwira mkono wa mnzake mpaka kuwawa. "Tiyeni tizipita. Mpira si moyo."

Choyeracho chinaima pakhomo pa chipinda cha makompyuta. Chinapendekeka, n'kufupika. Kuchokera mumdima munatuluka kamthunzi kena kakafupi, makiyi analira, chitseko chinati kwee, n'kutsekekanso. Kwa kanthawi kunalibe kanthu. Kenako zenera linayaka buluu, n'kufiira, ndipo ng'oma inayamba kugunda.

"Hooo-iii!"

Khuu.

Hélder anali atagona chafufumimba pansi pa desiki. Nércia anamusiya pomwepo, n'kuwoloka bwalo. Pafupi ndi chitseko phazi lake linagunda chitsulo. Anapapasa: chishalo, hendulo, tcheni chouma chopanda mafuta. Inali njinga yakuda, yopanda nyale. Mantha onse anamutsika mpaka kumapazi, ndipo anachita kudziluma mlomo kuti asaseke. Anasuzumira pazenera.

A Barnaba anali atakhala pampando wake wa pulofesola, chala chili chire pamwamba pa batani lalitali lija, lokhalo limene ankalidziwa. Pakati pa bwalo panali a Ezequiel, mkulu wa mpingo, mkanjo woyera ataupindira m'chiuno, ndodo yawo yopatulika itatsamira pakhoma. Anali atawerama, miyendo tang'a, manja otambasula, maso ali pa mwana wawo amene ankauluka pakhoma.

"Bwezaninso, alamu," anatero a Ezequiel.

"Alamu, bateriya ikutha. Ndipo chiuno chanucho..."

"Bwezani! Taonani, taonani apo. Phazi waponda bwino. Thupi waponya bwino. Tsopano... tsopano... Hooo-iii! Watsinzinanso!"

Ndipo bambo wa imvi uja anadziponya chammbali, maso ali tong'o, kuonetsa khoma m'mene zimayenera kukhalira. Khuu.

Nércia anagogoda. "Odi kuno!"

Simunaone anthu akuluakulu awiri akusowa pothawira m'chipinda cha khomo limodzi. A Barnaba anaimirira n'kuchita sawatcha. A Ezequiel anayesa kutsitsa mkanjo, kudzuka ndi kutola ndodo nthawi imodzi, ndipo zonse zitatu zinawakanika.

"Ababa," anatero Nércia atalowa, akuwomba m'manja mwaulemu, "pepani kukudodometsani. Koma bateriya mukundithera."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, a Barnaba akuthandizira pamene mlamu wawo ankakakamira. Usiku woyamba a Ezequiel anabwera ndi botolo la madzi opempherera, atamva kuti mwana wawo waikidwa m'makina. Anafuna aone okha, awaze madzi, nkhani ithe. A Barnaba anawatsegulira, n'kulumikiza datasho monga ankaonera masana, n'kudina batani. Ndiye fumbi linazungulira, ng'oma inagunda, ndipo pakhoma panadzilemba ndi moto: ABIGAELI EZEQUIEL.

"Dzina langa, apulofesola," anatero bamboyo. "Ine dzina langa ndinaliona pakhadi lovotera pokha. Ndiye mwana uja n'kuuluka chonchija. Madzi aja ndinangomwa."

Ali mnyamata, nthawi ya nkhondo, atathawira ku Zambia, iwo ndiwo ankaima pagolo pa mpira wa msasa wonse. Atalowa mpingo anazisiya, ndipo sanauzepo mwana aliyense. Koma mbuzi ikalawa zamchere sigwirika. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake. Za mizukwa anapeka ndi a Barnaba, kuti anthu asamayandikire.

"Ndimati ndithandize," anatero mlondayo, akukanda kumutu. "Sindinadziwe kuti mayi Debora sagona."

A Ezequiel anayang'ananso pakhoma. "Apulofesola, inu mumayika moto m'manja mwa munthu. Simungamutsegule maso m'makinamo?"

"Ndingathe, ababa. Koma ku Tete sakaponyera mpira makina. Amene angamutsegule maso ndi inuyo. Muloleni apite."

Nkhope ya bamboyo inagwa. Anatsitsa mkanjo wake bwinobwino, n'kutola ndodo, ndipo anakhalanso mkulu wa mpingo. "Ndinayankhula kale pamaso pa amayi. Ndikauze mpingo kuti choyera chija ndine? Kuti mkulu wawo amagubuduka pasimenti usiku? Ayi. Lachisanu ndidzamutenga. Ndipo inu, mwana wanga, ndikupemphani, za usiku uno zikhale m'mimba."

Nércia analonjeza. Anakwiya, koma analonjeza, chifukwa anaona kuti bamboyo akudzipweteka yekha kuposa m'mene akupwetekera mwana. Anapempha chinthu chimodzi: kuti bateriya aisiye usiku wotsatira, kanema aphike mpaka kupsa.

Lachinayi lonse anakhala pa komputadolo. Sanawonjezere chithunzi, sanachotse. Anangogwira kachidutswa ka Abigaeli kaja n'kukakoka, kukatalikitsa, kukachedwetsanso, mpaka kuuluka kumene kunkatha munthu asanameze malovu kunasanduka ulendo. Ng'oma anaitsitsa kuti izigunda motalikana, ngati mtima wa munthu wodikira. Ndipo pamene mpira unkayandikira, anakokera nkhope ya mtsikanayo pafupi, kudzaza khoma lonse, kuti zikope zizioneka zikutsika pang'ono, pang'ono, pang'ono.

Lachisanu madzulo sukulu inadzaza. Kunabwera amayi a Ziyoni ndi malamba awo, makolo, ana, anyamata a mota, ndi ena ambiri amene analibe mwana pasukulupo koma sakanalola kumva nkhaniyi kwa anzawo. A Ezequiel anakhala pabenchi ya kutsogolo, ndodo pakati pa maondo, mayi Debora pambali pawo. Abigaeli anaima pakhomo ndi kachikwama kake, atavula kale jezi.

"Makolo anga," anatero Nércia, "mwana ndi wanu, mumutenga. Koma musanatero, onani ndi maso anu chimene chili m'makinamu. Chikakhala choipa, ndichifufuta pompano."

"Tiona," anatero mayi Debora, akumanga mpango. "Ife tabwera titapemphera."

Mazenera anatchingidwa ndi zitenje. Datasho inayaka. Ng'oma itagunda koyamba ena anasuntha kuyandikira khomo, koma fumbi litazungulira n'kutulutsa mtsikana woyamba, mayi wina kumbuyo anakuwa: "Luckness! Ameneyo ndi Luckness wanga!" N'kuimba nthungululu. Basi mantha anathera pomwepo. Dzina lililonse likayaka, banja lake linkaimirira. Agogo ena anavina. Ngakhale amayi a malamba anayamba kugwedeza mapewa mobisa.

Kenako ng'oma inatsika. Abigaeli anaponda, n'kunyamuka, n'kuyamba kuyandama pakhoma, nthethe zamoto zikutsalira m'mbuyo mwa manja ake. Nércia sankayang'ana khoma. Ankayang'ana benchi ya kutsogolo. Anaona ndodo ikutsetsereka n'kugona pansi. Anaona miyendo ikutang'adza yokha pansi pa mkanjo. Mpira unkabwera, unkabwerabe, osafika. Nkhope inadzaza khoma. Zikope zinayamba kutsika. A Ezequiel anagwira benchi, analuma mano, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira. Zikope zinatsikabe.

"Hooo-iii! Tsegula maso, mwanawe!"

Khuu.

Mkulu wa mpingo anali pasimenti, chammbali, manja atatambasula, atagwira mpira umene panalibe.

Mayi Debora anaimirira pang'onopang'ono, akuyang'ana mkanjo woyera uli pansiwo.

"Mawu awa," anatero. "Kugwa uku. Akulu ampingo... ndinu?"

"Ndi njinga yopanda nyale," anawonjezera a Barnaba ali pakhomo, poti anaona kuti bwato lamira kale.

Amene anayamba kuseka anali mayi Debora omwewo. Anaseka mpaka anakhala pansi, akumenya simenti ndi chikhato, akuti, "Ine kusala kudya chifukwa cha inu! Nkhuku zanga kuziwaza madzi!" Chipinda chonse chinaphulika. Hélder, amene anali atauza kale anthu kuti iye sanaopepo chilichonse, anaseka kuposa onse.

A Ezequiel anadzuka okha, akugwira chiuno. Sanaseke, koma sanathawenso. Anadikira phokoso litsike, n'kuyang'ana pakhomo pamene panaima mwana wawo, dzanja lili pakamwa, misozi ikutsika.

"Abale, mwandiona," anatero. "Bodza ndi limene ndilape, ndipo ndilapa pamaso pa mpingo. Koma mwana uyu sauluka ndi ufiti. Amauluka ndi magazi a bambo ake." Anatsokomola. "Ndinati ndidzamutenga, ndipo mawu anga sabwerera. Abigaeli, tiye."

Kuseka kunazima. Mtsikanayo anaweramitsa mutu, n'kukweza kachikwama paphewa.

"Chikwamacho siya. Tenga mpira. Dzuwa likadalipo, ndipo mwana wanga sakapita ku Tete kukatsinzina pamaso pa anthu."

Anatuluka onse, khamu lonse pambuyo pawo, mpaka pabwalo pamene bamboyo anali asanapondepo. Anapatsira mayi Debora ndodo kuti awagwirire, anapinda mkanjo m'chiuno, n'kuika mpira pansi. Abigaeli anaima pagolo akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Nércia anatulutsa foni n'kuyamba kujambula, chifukwa abertura inkafunika mathero atsopano.

Mpira woyamba unali wamphamvu, wolunjika kumaso. Abigaeli anauona kuyambira pa phazi la bambo ake mpaka m'manja mwake.